Mbiri ya kachingwe ka m'chipewa cha juzi ya mwana

Munthu adayamba kupota chingwe asanadziwe kuomba nsalu. Pamalo otchedwa Abri du Maras, kummwera kwa dziko la France, ofukula zakale adapeza kaluzi ka mtengo kopotedwa patatu, kotalika mamilimita 6 okha, koma ka zaka zoposa 40,000. Nkhani yake idalengezedwa m'chaka cha 2020. Ndipo pamene mtembo wa munthu uja adamutcha Ötzi udapezeka m'madzi oundana a m'mapiri a Alps m'chaka cha 1991, zidaoneka poyera kuti zaka 5,300 zapitazo kuvala kudali kumanga basi. Zikopa za m'miyendo adazimangirira ku lamba wa m'chiuno, nsapato zake zidali ndi ukonde wa zingwe m'kati, ndipo chipewa chake cha chikopa cha chimbalangondo chidali ndi timalamba tomangira kunsi kwa chibwano. Chingwe chidafika pafupi ndi khosi la munthu kalekale, popanda wochiyesa mdani.

Kenaka kudadza luso lomwe telala aliyense wa pakhonde amalidziwa mpaka lero. Umapinda nsalu m'mphepete, n'kusoka mosiya kanjira m'kati, n'kulowetsamo chingwe. Ukakoka, nsalu imakwinyika n'kugwira thupi, ukamasula, imatambasuka. Chovala chimodzi chimakwana wonenepa ndi woonda yemwe, ndipo sichilira chitsulo kapena fupa losema. Timatumba ta ndalama, matumba a mbewu, mathalauza otaya a ku India ndi ku Persia, zonsezi zinkamangidwa motere kwa zaka mazanamazana. Mabatani adalipo kale ngati zokongoletsera, koma batani lolowa m'kabowo kake lidayamba kufala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1200, ndipo kwa nthawi yaitali lidali la anthu opeza bwino. Wosauka adapitiriza kumanga.

Ana ndiwo adakhalitsa ndi chingwe kuposa akuluakulu, pa chifukwa chomwe mayi aliyense angachimvetse: nsalu idali yodula, pamene mwana sachedwa kukula. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, timadiresi ta makanda ku Ulaya ndi ku America, tomwe ankavala anyamata ndi atsikana omwe, tinkasokedwa ndi kachingwe m'khosi ndi m'chiuno kuti chovala chizikula pamodzi ndi mwini wake, kenaka n'kusiyira mng'ono wake. Padalinso timalamba tiwiri tosokerera kumapewa, tomwe mlezi ankagwira mwana akamaphunzira kuyenda. Zomwe zinkatha ana masiku amenewo zidali nthomba, chikuku ndi moto wa m'nyumba. Za kachingwe palibe ankazilabadira.

Zonse zomwe lero zidalowa m'malo mwa chingwe zidatulukiridwa ngozi yake isanadziwike n'komwe. M'chaka cha 1820 Thomas Hancock wa ku London adalembetsa ku boma luso loika mphira m'zovala, ndipo apa mpamene padayambira lasitiki. Whitcomb Judson wa ku Chicago adayesa kupanga zipi m'chaka cha 1893 koma yake inkakanirira. Gideon Sundback ndiye adaikonza m'chaka cha 1913 kufika pa maonekedwe omwe tikuwadziwawa, ndipo pofika m'ma 1930 amalonda ankaitsatsa pa zovala za ana ponena kuti mwana azidziveka yekha. George de Mestral wa ku Switzerland, ataona mmene njere zaminga za kutchire zinkakakamirira ubweya wa galu wake, adapanga chomatira chija chimalira ukamachimatula, cha Velcro, n'kuchilembetsa m'chaka cha 1955. Chingwe chidapulumuka zonsezi chifukwa n'chotchipa, komanso chifukwa chidapeza pokhala patsopano, m'chipewa cha juzi.

Chovala cholumikizana ndi chipewa chake n'chakale pachokha. Amonke a ku Ulaya ankavala mikanjo yotere, ndipo anthu a kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Greenland, Canada ndi Alaska, ankasoka zotere ndi zikopa za nyama chifukwa kumeneko mphepo ikalowa m'khosi munthu amafa. Juzi ya chipewa yomwe tikuiona m'misika lero idabadwa m'ma 1930 ku Rochester, m'chigawo cha New York, kumene kampani yomwe timaidziwa ndi dzina loti Champion inkasokera ochita masewera ndi anthu ogwira ntchito m'nyumba zozizira zosungiramo katundu. Chipewa chopanda chomangira mphepo imachivula, ndiye adalowetsa chingwe mumpendero wozungulira nkhope. Kwa munthu wamkulu wonyamula mabokosi idali nzeru yabwino ndithu. M'zaka zomwezo, mu 1935, Wallace Carothers wa ku kampani ya DuPont adapanga nayiloni. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, majekete opepuka a nayiloni adadzaza masitolo, ndipo zovala za ana zidangotengera za akuluakulu mochepetsa msinkhu, chingwe ndi chipewa chomwe. Kusiyana kwake n'kwakuti chingwe cha thonje chikakalamba chimaduka, pamene cha nayiloni chimatha kunyamula mwana wathunthu osathothoka ulusi ngakhale umodzi. Pambuyo pake kunsonga kwa zingwezi adayamba kumangako mfundo zikuluzikulu kapena kuikako timikanda tapulasitiki, kuti chingwe chisathawire m'kati pochapa.

Nalo dziko lomwe mwana ankaseweramo lidali likusintha. Charles Wicksteed adaika chotsetserekapo ana m'paki yake ku Kettering, ku England, m'chaka cha 1922, ndipo m'zaka zotsatira zitsulo zokwerapo ndi zotsetserekapo zidamera pasukulu ndi m'mapaki ambiri a ku Ulaya ndi ku America. M'chaka cha 1939 Frank Cyr adaitanitsa msonkhano ku New York womwe udagwirizana za kapangidwe ka basi yonyamula ana a sukulu, ija yachikasu timaiona m'mafilimu, ya chitseko chopindika ndi chitsulo chogwirira pamasitepe. Chenjezo loti nsalu yolendewera ndi makina sizimvana lidali litaperekedwa kale: wovina wotchuka Isadora Duncan adafa ku Nice pa 14 Sepitembala 1927, mpango wake wa m'khosi utakulungika m'gudumu la galimoto yomwe adakwera. Koma anthu adaitenga ngati nkhani yodabwitsa ya munthu wotchuka, yosakhudza jekete la mwana wawo.

Ngozi yeniyeniyo imachitika motere. Mwana wakwera pamwamba pa chotsetserekapo, wakhala pansi kuti atsetsereke. Pomwe chitsulo chotchinga m'mbali chimakumana ndi thabwa lokhalapo pamakhala kampata, kotakata kumwamba, kopanikiza kunsi. Kamkanda ka kunsonga kwa chingwe kagwera mmenemo, mwana osadziwa. Akadzikankha, thupi limapita koma chingwe chimatsala, ndipo mpendero wa chipewa umakokeka n'kuzinga khosi monga momwe khwekhwe limachitira ndi njiwa: kulemera kwa wogwidwayo ndiko kumamangitsa. Mapazi alibe popondera chifukwa chitsulocho chidapangidwira kuterera. Mitsempha ya m'mbali mwa khosi yopititsa magazi ku ubongo sichedwa kutsekeka, kotero mwana amakomoka m'masekondi ochepa, ndipo ubongo ukatha mphindi 4 kapena 5 wopanda mpweya umayamba kuonongeka. Choopsa koposa n'chakuti salira. Mphunzitsi atha kukhala chapafupi pomwepo, akuyang'anira ana ena, osamva kanthu.

Chingwe cha m'chiuno kapena cha kumunsi kwa jekete chili ndi njira yakeyake, ndipo chimapweteka ana okulirapo. Mwana akutsika basi, mfundo yakodwa pomwe chitsulo chogwirira chimakumana ndi khoma, kapena chitseko chatsekera chingwe. Dalaivala waona mwana watsika, wanyamuka. Mwanayo amakhwekhwerezedwa pambali pa basi, ndipo ena adapondedwa ndi matayala a kumbuyo.

Dziko loyamba kuika lamulo lomwe mbiri iyi imalikumbukira lidali Britain. Ana angapo atafa chifukwa cha zingwe za m'zipewa za majekete, boma lidakhazikitsa lamulo lotchedwa Children's Clothing (Hood Cords) Regulations m'chaka cha 1976. Lidali lalifupi. Lidaletsa kugulitsa jekete, chovala cha mvula kapena chovala china chakunja cha mwana chokhala ndi chipewa chomangidwa ndi chingwe cholowetsa munsalu, ngati chovalacho sichiposa masentimita 44 pachifuwa ukachiyala pansi. Woyendera masitolo ankangofunika tepi yoyezera ndi maso ake. Lamuloli silidanene kanthu za chingwe cha m'chiuno kapena zingwe zokongoletsera, komabe lidatseka khomo lalikulu. Chodabwitsa n'chakuti kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, ku America, kwa anthu olankhula chinenero chomwecho ndi ovala majekete ofanana, padapita zaka 18 asanachitepo kanthu, ndi zaka 35 lisanakhale lamulo la dziko lonse.

Sikuti ku America kudalibe bungwe loyang'anira. Nyumba ya malamulo idakhazikitsa Consumer Product Safety Commission, mwachidule CPSC, m'chaka cha 1972. Vuto lidali lakuti imfa zoterezi zinkabwera imodziimodzi, ina kuno, ina makilomita 2,000 kutali, mwina chaka chathunthu pakati pake. Iliyonse inkalembedwa ngati ngozi ya pabwalo la masewera kapena ngozi ya pamsewu. Ankaimba mlandu chitsulo, mphunzitsi kapena dalaivala, jekete n'kubwezedwa kwa makolo m'thumba. Mpaka munthu atasonkhanitsa malipoti onse patebulo limodzi mpamene chinthu chimodzi chidaoneka kuti chikupezeka paliponse. Ziwerengero zomwe bungweli limagwiritsa ntchito zimayambira mu Januwale 1985.

Chaka chomwe zinthu zidatembenuka ndi 1994. Mu Januwale chaka chimenecho, mtsikana wa zaka 5 adafa pachotsetserekapo cha pasukulu pake ku Ann Arbor, m'chigawo cha Michigan, chingwe cha m'chipewa cha jekete lake chitakodwa. Mayi ake atamva kuti mwana wawo sadali woyamba, adayamba kulemba makalata kwa opanga zovala ndi kwa akuluakulu a boma. Chaka chomwecho Ann Brown adakhala wapampando wa CPSC, ndipo adasankha njira yachidule. Kupanga lamulo ku America kumatenga zaka, choncho iye adaitana eni makampani a zovala n'kuwaonetsa umboni. Pofika mu Julayi 1994 makampani ambiri adali atavomera kuchotsa zingwe m'khosi ndi m'zipewa za zovala za ana mwa kufuna kwawo. Sadavutike kupeza cholowa m'malo. Lasitiki, mabatani odina ndi Velcro zidali m'mashelefu mwawo kale.

Mu Febuluwale 1996 bungweli lidatulutsa malangizo olembedwa, ndipo ndi bwino kuwamva bwinobwino chifukwa ndiwo maziko a zonse zotsatira. Pa zovala zakunja za kumtunda kwa thupi, za masaizi 2T mpaka 12, ndiye kuti ana a pakati pa chaka ndi theka ndi zaka 10, pasakhale chingwe chilichonse m'khosi kapena m'chipewa. Pa masaizi 2T mpaka 16, kufika zaka ngati 14, chingwe cha m'chiuno kapena cha kumunsi chiloledwe, koma chisatuluke kuposa mainchesi 3, omwe ndi masentimita 7 ndi theka, chovala chitatambasulidwa mpaka pomaliza. Kunsonga kwake kusakhale mfundo kapena kamkanda. Ndipo ngati chili chingwe chimodzi chozungulira, achisokerere pakati kumsana, kuti mbali imodzi isakokeke n'kutalika. Mu 1997 bungwe loona za miyezo la ASTM lidasandutsa malangizowa muyezo wa opanga zovala, nambala yake F1816. Zigawo za New York ndi Wisconsin sizidadikire boma lalikulu, zidaika malamulo awoawo.

A zamabasi nawo adagwira mbali yawo. M'zaka zomwezo mabasi a sukulu ambirimbiri adaitanidwa kuti zitsulo zake zogwirira zikakonzedwe, ndipo oyendera adapeza chida choyesera chosafuna ndalama: nati yachitsulo yomangirira ku kachingwe. Woyendera ankaponya natiyo m'kampata ka pakati pa chogwirira ndi khoma la basi, n'kukoka chingwe motsika masitepe monga angachitire mwana. Nati ikatuluka bwinobwino, basi yakhoza. Ikakodwa, basiyo ikakonzedwe. Mwa zonse za m'mbiri iyi, kachida aka ndiko kamandisangalatsa, chifukwa kadafunsa funso loyenera: kodi chinthu cholendewera chikalowa apa, chituluka?

Koma pangano la mwa kufuna kwako limamanga okhawo omwe adalipo polipangana. Zovala zambiri zidayamba kusokedwa kunja, oitanitsa katundu atsopano adalowa m'malonda osadziwa za 1994, ndipo majuzi a zingwe adayambanso kuoneka m'masitolo. Akale nawo sadathe. Mu 1999 CPSC idayendera masitolo 301 ogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo 51 pa 100 alionse adapezeka akugulitsa majekete ndi majuzi a ana okhala ndi zingwe. Mu Meyi 2006 bungweli lidalembera opanga, oitanitsa ndi ogulitsa zovala kuti kuyambira pamenepo chovala chosemphana ndi muyezo uja chizitengedwa ngati cholakwika ndi choopsa. Pakati pa 2006 ndi 2010 katundu wotere adaitanidwa kuti abwezedwe maulendo oposa 100. Lamulo la 2008, Consumer Product Safety Improvement Act, lidapatsa bungweli mphamvu yolengeza mtundu wonse wa katundu kuti ngwoopsa ngati cholakwika chake chimaoneka ndi maso, ndipo chingwe chidali m'gulu la zoyamba kugwidwa ndi mphamvu imeneyi. Lamulo lake lidasindikizidwa mu Julayi 2011 n'kuyamba kugwira ntchito pa 18 Ogasiti. Pofika nthawiyo bungweli lidali litalemba imfa 26 kuchokera mu 1985: ana 18 ndi chingwe cha m'khosi, 8 ndi cha m'chiuno.

Zindapusa zidatsatira, ndipo mlandu wake kawirikawiri udali wosauza boma msanga kuti akugulitsa zovala zotere. Macy's idavomera kulipira madola 750,000 mu 2011, Burlington Coat Factory madola 1.5 miliyoni mu 2012, Ross Stores madola 3.9 miliyoni mu 2013. Kodi zonsezi zidathandiza? Kafukufuku wa Gregory Rodgers ndi John Topping, yemwe adatuluka mu 2012 m'magazini ya madokotala a ana, adapeza kuti imfa zodza ndi zingwezi zidatsika ndi pafupifupi 90 pa 100 alionse muyezo wa 1997 utayamba, ndipo adayerekeza kuti ana pafupifupi 50 adapulumuka pofika 2009. Alipo onena kuti chiwerengerochi n'chaching'ono m'dziko la anthu mamiliyoni 300. N'chaching'onodi, koma tiyike mbali inayo ya sikelo zomwe zidatayika: palibe mwana adafa ndi mphepo chifukwa chipewa chake chili ndi lasitiki m'malo mwa chingwe.

Maiko a mgwirizano wa ku Ulaya adatulutsa muyezo wawo, EN 14682, m'chaka cha 2004, n'kuukonzanso mu 2007 ndi mu 2014. Iwo adapita patali kuposa America, pakuti adakhudza chovala chilichonse cha mwana, ngakhale diresi ndi chovala chosambira, ndipo adagawa ana pawiri. Osafika zaka 7, kapena osapitirira masentimita 134 kutalika, asakhale ndi chingwe m'khosi ndi m'chipewa ngakhale chokongoletsera. A zaka 7 mpaka 14 chingwe cha m'chipewa chiloledwa pokhapokha ngati chilibe nsonga zolendewera. Adaletsanso zingwe zolendewera kumunsi kwa zovala zazitali, poganizira njinga ndi masitepe oyenda okha. Kulemba muyezo n'kosavuta kusiyana ndi kuutsatitsa: pakati pa 2008 ndi 2010 maiko 11 adayendera zovala za ana zoposa 16,000, ndipo chimodzi mwa 10 zilizonse chidapezeka cholakwa. Japan idatulutsa muyezo wake, JIS L 4129, mu Disembala 2015. China, komwe kumasokedwa zovala zambiri za dziko lapansi, idaika lamulo lokakamiza la GB 31701 lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2016.

Malamulo onsewa amagwira chovala pakhomo la sitolo ya m'dziko lomwe lidawalemba. Koma juzi imakhala moyo wautali kuposa pamenepo. Mwini wake akakula imaperekedwa ku mabungwe osonkhanitsa zovala, imasankhidwa, imapanikizidwa m'belo, imakwera sitima ya pamadzi, ndipo tsiku lina belo lija limadulidwa pamsika wa kaunjika ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, kapena pa salaula ku Chipata ndi ku Lusaka. Osankha zovala zoika m'belo amayang'ana kung'ambika ndi kuthimbirira. Mayi wosankha pamulu nayenso amayang'ana zipi ngati ikuyenda, nsalu ngati ili yochindikala, ndi mtengo wake. Ndiponso kaunjika amasokoneza misinkhu: juzi yomwe ku Ulaya idasokedwera mnyamata wa zaka 15, yomwe lamulo la kumeneko limailola kukhala ndi chingwe, kuno timagulira wa zaka 8 kuti akule nayo, manja n'kupinda. Chingwe chake chimamufika pamimba. Zatsopano za m'mashopu nazo si zonse zidasokedwa motsata miyezo tatchulayi.

Kwathu kuno zotsetserekapo zachitsulo zimapezeka pasukulu zamkaka ndi m'mapaki ochepa a m'tauni, koma zokola chingwe sizisowa. Pali chitseko cha minibasi chomwe kondakitala amakoka galimoto itayamba kale kuyenda. Pali masipoko ndi tcheni cha njinga ya kabaza, mwana atakhala pakaliyala jekete likulendewera. Pali nthambi ya mango, mpanda wa waya, katungwe, ndi lamba wa chigayo kumene ana amatumidwa ndi thumba la chimanga. Miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene ku Dedza ndi ku Mzuzu mwana sangapite kusukulu m'mawa wopanda juzi, ndiyo miyezi yomwe zingwezi zimachuluka m'makosi.

Kuzizira kusanayambe, tulutsani majuzi ndi majekete a ana muwayale pamphasa. Chingwe cha m'chipewa kapena cha m'khosi, dulani mfundo ya mbali imodzi n'kuchisolola chonse. Kungochifupikitsa kapena kuchibisa m'kati sikukwanira, chimatulukanso pochapa. Ngati chipewa chikuvuka ndi mphepo, telala aikemo lasitiki kapena batani lodina. Cha m'chiuno, tambasulani chovala mpaka pomaliza, dulani chotsala kuti chisapitirire kutalika kwa chala chanu cha mkombaphala, chotsani timikanda ndi mfundo, ndipo musokerere chingwecho pakati kumsana. Inu ogulitsa kaunjika ndi inu aphunzitsi a sukulu zamkaka, sizasi ikhale pafupi.